Zilombo za mu Mgolo wa Bwampini

Nzeru yobera loja, kapena kuti sitolo, ya Dona Valéria inabadwira pa baraka ya mowa ya kuseri kwa siteshoni ya Cuamba, ndipo mzamba wake anali kabanga wa dzana. Kabanga wa dzana sabereketsa mwana wolongosoka.

Pa benchi panakhala amuna atatu. Woyamba anali Valdemar, amene tauni yonse imamutchula Injinyeru. Sukulu ya uinjiniya sanaipondeko. Anangogwirapo ganyu yosenza miyala ya pa njanji, tsiku lomuchotsa n'kuthawa ndi chisoti choyera ndi kolete yonyezimira, kajekete kaja kopanda manja, ndipo kuyambira pamenepo amalankhula ngati njanji ya ku Nacala anaijambula ndi iye. Wachiwiri anali Ussene wa ku Mandimba, dzina la ntchito Radiyo, woyendetsa mota, njinga yamoto ya mlamu wake, munthu amene pakamwa pake Mulungu anaiwala kuikapo batani lozimitsira. Wachitatu anali Limbani, mlimi wa fodya wa ku Ngauma, wotchedwa Bwampini: thupi ngati nkhokwe, mutu ngati nkhokwe yomweyo mwezi wa njala. Mkazi wake anamutuma ku Cuamba kudzagula keni yothirira nazale. Keniyo inali itamwedwa kale.

"Mano, ndaona ndi maso angawa," anatero Radiyo, amene mnzake aliyense ankamutchula mano, ndiye kuti achimwene, akuloza maso ake ngati pali wina akuwakayikira. "Pa windo la mayi uja wa mabuku. Mwala wopindika ngati nkhata ya pamutu. Pansi pake kapepala. Mukudziwa alembapo chiyani? Mamiliyoni zana limodzi ndi makumi asanu!"

Bwampini anatsamwa.

"Mwala umodzi?"

"Umodzi! Ndipo yadzaza shelefu. Ina ikuluikulu ngati mbale."

Kapepalako sikanali kunama ayi. Kungoti mawu ake anali kupitirira, ndipo Radiyo anawerenga akudutsa pa mota ngati wathamangitsidwa ndi njuchi. Akadachepetsako moto akadaona kuti mamiliyoniwo sanali a ndalama za metikali. Anali a zaka.

Dona Valéria anali mwana wa woyendetsa komboyo, sitima ya pa njanji. Anaphunzira ku Nampula, n'kubwerera kwawo ndi matenda okonda zamoyo zimene zinkasambira m'nyanja kalekale, anthu asanalengedwe n'komwe, zimene zigoba ndi mafupa ake anasanduka miyala. Anatsegula kaloja ka mphatso za ana: mabuku a zithunzi, malaya ojambulidwa nsomba za mano ngati macheka, mikanda ya mano a shaki apulasitiki, ndi nkhono zakalezo zoumba ndi jeso, ufa woyera uja amamangira mwendo wothyoka kuchipatala. Aphunzitsi ankagula. A pa njanji ankagulira ana awo mwezi ukatha. Ena onse ankangodutsa n'kumapukusa mitu.

Injinyeru sanapukuse mutu. Anaukanda, kenaka anawerama.

"Tamverani, anyamata. Gwiritsani ntchito ubongo. Mkazi wanzeru zake angachoke ku Nampula kudzagulitsa mabuku a nsomba kuno ku Cuamba, kumene nyanja ya mchere timangoimvera kwa anthu a komboyo? Mabukuwo ndi chophimba. Pansi pake pali bizinesi ya miyala. Anthu akutha zala kumapiri kukumba timiyala tofiira ngati nsawawa, mayiyu wangoyanika chuma pa windo, podziwa kuti tauni ino ndi ya mbuli."

"Epa!" anatero Radiyo. "Mutu umenewo, bwana Inji!"

"Ndiye tipite liti?" anafunsa Bwampini. "Mwezi ukalowa?"

"Iwe ndiwe mlimi ndithu. Mbava zopanda sukulu ndizo zimayenda mu mdima n'kumalumidwa ndi agalu. Ife tilowa masana, nthawi ya nkhomaliro, tauni yonse itatseka zitseko n'kugona chifukwa cha dzuwa. Munthu wa chisoti ndi kolete safunsidwa mafunso. Ndakwerapo komboyo yaulere mpaka ku Malema ndi zovala zimenezi."

Anagundanitsa makapu. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Tsiku lake linafika ndi dzuwa la Okutobala, lija limasungunula phula pamsewu. Dona Valéria anatseka khomo la kumaso, n'kukwera njinga kupita kukadya kwa mayi ake. Radiyo anaimika mota pansi pa mtengo wa mango, ntchito yake kuyang'anira msewu ndi kuimba mluzu zikavuta. Injinyeru, chisoti pamutu, tepi yoyezera m'manja, anazungulira kuseri, Bwampini akumutsatira ndi chitsulo chokanulira matayala.

Kuseriko kunali zitseko ziwiri. Injinyeru anayeza khoma, anayang'ana dzuwa, anayezanso.

"Chakumanzere."

Bwampini analowetsa chitsulo, n'kutsamira ndi thupi lake lonse. Chitseko chinachita khwaa, n'kuguluka ndi mahinjesi omwe. M'katimo munali che Nuru, telala wa khomo loyandikana, atanjuta pa chimbudzi, chitini cha madzi m'manja.

Anayang'anana.

"Tikuyendera mapaipi, che Nuru," anatero Injinyeru, mawu ake osagwedera. "Pitirizani, musatisamale ife."

"Chimbudzi chokumba chili ndi mapaipi?"

"N'chifukwa chake tabwera."

Bwampini anaimikanso chitsekocho mwaulemu, n'kupepesa.

Chitseko chachiwiri sichinafune chitsulo n'komwe. Loko wake anawonongeka kalekale, ndipo Dona Valéria ankangochitsekera ndi mwala m'kati. Bwampini anakankha, analowa, n'kupunthwa chala pa mwalawo. Anatukwana mu Chiyao, mu Chimakuwa ndi mu Chinyanja, anaunyamula n'kuuponya mu ngalande. Mu loja monsemo, mwala wokhawo ndiwo unali weniweni, nkhono yakale imene mwini wake anaitola yekha ku gombe. Ina yonse inali ya jeso.

Asanayambe n'komwe kulonga, anamva mpweya kumbuyo kwawo. Anali Radiyo.

"Iwe! Msewu wausiyira ndani?"

"Kunja kulibe wocheza naye, mano. Ndiye taonani kompyuta iyi! Ndi kabati ya ndalama, kiyi ali pomwepo!"

"Siya!" anakalipa Injinyeru. "Mkango sudya ziwala. Tabwerera miyala."

Analonga nkhono za jeso, zazikulu ndi zazing'ono, analonga mikanda ya mano. Kenaka pansi pa tebulo Injinyeru anapeza katoni yosatsegula, yodzaza mazira amawangamawanga, aakulu ngati a bakha, olimba ngati mwala. Anatenga limodzi, analigwedeza pa khutu. M'kati munalira kenakake.

"Mwamva?" ananong'ona, maso atatuluka. "Apa ndiye pamtima pa bizinesi. Za pa windo ndi nyambo chabe. Diyamondi amamubisa umu."

Pa katonipo panali malangizo omveka bwino, a zilembo zikuluzikulu, ndi chithunzi cha mwana akumwetulira pafupi ndi beseni. Mazirawo anali zoseweretsa. Ukaliika m'madzi, kachilombo ka mphira kamene kali m'kati kamamwa madzi, kamafufuma, kamaswa chigoba, n'kumakulabe. Koma Injinyeru anakhuthulira mazira m'thumba, katoni n'kuiponya pakona, chifukwa munthu wodziwa kale zonse sawerenga makatoni.

Potuluka, Bwampini anakolopola mabuku angapo n'kuwalowetsa m'malaya.

"Wayamba liti kuwerenga iwe?"

"Pepala lake ndi labwino, bwana Inji. Lopichirira fodya."

Amuna atatu ndi matumba awiri pa mota imodzi, msewu wa ku Mandimba, dzuwa lili paliwombo. Motayo inalira ngati mbuzi yomangidwa miyendo. Tayala linaphulika asanafike n'kutali komwe, anakankha, analimata, linaphulikanso. Ataona apolisi a pamsewu patsogolo, Injinyeru analamula kuti alambalale kudzera m'tchire, ndipo tchirelo linali la chitedze. Anagona kwa Radiyo ku Mandimba akudzikanda ngati anyani, n'kukafika kumudzi kwa Bwampini ku Ngauma mawa lake dzuwa litapendeka, imvi za fumbi mpaka m'nsidze.

Anastaziya, mkazi wa Bwampini, anawalandira ali chiimire pakhomo, manja m'chiuno.

"Takulandirani, bambo a Tiyamike. Keni ili kuti?"

"Mayi a Tiyamike, keni ndi nkhani yaing'ono. Posachedwa mukhala mukuthirira ndi injini."

"Injini. Chabwino. Nanga alendowa, ndi matumbawa?"

"Ndi anzanga a bizinesi. M'matumbamu ndi... feteleza."

"Feteleza wolira ngati mbale?"

Anastaziya anayang'ana matumbawo ndi diso limene Bwampini ankalidziwa bwino. Diso limenelo linapezapo botolo lobisika mu denga, lina lokwiriridwa m'khola la nkhumba, ndi lina m'ng'oma ya kwaya.

Anyamatawo anachita msonkhano kuseri kwa chigafa cha fodya. Radiyo anati akudziwa Mmalawi wina pa Chiponde wogula chilichonse, ngakhale mthunzi wa munthu. Injinyeru anati ayi, phokoso liyambe lazizira. Katundu abisidwe kaye. Koma kuti? Pansi pa bedi ndiye poyambira Anastaziya. Kukumba dzenje, dothi latsopano liwaulula.

Apo m'pamene Injinyeru anaona mgolo. Unali mgolo wachitsulo wodzaza madzi, wovundikira ndi lata, umene Anastaziya ankasungira tsiku limene mtsinje udzaphwe, mbande za fodya zingafe.

"Basi," anatero, akuwomba m'manja. "Ndani angafune chuma m'madzi? Ndipo mwala suwola. Tsitsani."

Anatsitsa matumba onse awiri, n'kubwezera lata. Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Uyu anaviika mazira.

Masiku otsatira anali okoma. Anakhala pansi pa mtengo wa masuku, nkhuku za Anastaziya zikuchepa m'khola, iwo akugawana chuma chimene sanachione. Injinyeru anamanga nyumba yosanja ku Nacala, khonde loyang'ana kunyanja. Radiyo anagula mota zodzaza bwalo la mpira, n'kulemba ntchito mlamu wake yemwe kuti azizitsuka. Bwampini anagula ng'ombe, kenaka anayang'ana kukhitchini, anatsitsa mawu, n'kukwatira mkazi wachiwiri.

Kenaka mtsinje unaphwa.

M'mawa wina Anastaziya anatenga ndowa, anazungulira kuseri kwa chigafa, anachotsa lata. Mfuu imene anakuwa inaulutsa nkhunda za mudzi wonse.

Amunawo anathamangirako, n'kuima chapatali. Madzi a mu mgolo anali atayera ngati mkaka. Thumba linali litang'ambika. Pamwamba pa madzi panayandama mutu wobiriwira, wa khosi lalitali ngati la njoka, kukamwa yasa, mano mbee. Pambali pake panali china cha miyendo yambirimbiri yoterera, mwendo umodzi utapachikika pa mlomo wa mgolo ngati chikufuna kutuluka. Pansi pake zina zinali kukankhana, zamapiko, zamichira, zamaso ofiira, pakati pa zigoba za mazira zosweka.

"Yesu, Mariya!" anatero Anastaziya. "Feteleza wanu waswa ana!"

Anthu oyandikana nawo anafika, n'kuima kutsidya kwa mpanda. Amayi ena anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi.

"Khalani chete nonse," anatero Injinyeru. "Nkhani iyi ndi ya sayansi."

Anathyola bango lalitali kwambiri limene analipeza, anayandikira chammbali ngati nkhanu, n'kugunda mutu wobiriwirawo. Mutuwo unamira. Onse anapuma. Kenaka unavuukanso pang'onopang'ono, n'kutembenuka, kukamwa kukuloza iye.

Sayansi inalumpha mpanda osaukhudza.

Anastaziya anali atabereka kale mwana kumbuyo, wina atamugwira padzanja.

"Bambo a Tiyamike, ndamva zambiri pa ukwati uno. Mowa ndapirira. Bodza ndapirira. Koma ufiti pakhomo panga, m'madzi anga othirira, ayi. Ndikupita kwa amayi. Zinthu zanuzi zikagona pano, musadzanditsatire, ndipo Lamulungu ndikanena pamaso pa mpingo wonse."

Anapita osacheuka.

Amuna atatu anakhala pansi kutali ndi chigafa, msana atatsamira nkhokwe. Bwampini anapisa dzanja m'malaya. Anatulutsa fodya, anasolola buku limodzi mwa aja anaba, analitsegula kuti ang'ambe pepala. Sanang'ambe. Maso anakakamira pa tsamba.

"Bwana Inji... taonani."

Pa tsambalo panali chilombo chomwecho. Khosi lomwelo, mano omwewo, chikuthamangitsa nsomba m'madzi obiriwira. Pakona ya tsamba wojambula anaika kamunthu kakuda kataimirira pafupi ndi chilombocho, kuti ana aone kukula kwake. Kamunthuko sikankafika n'komwe pa chipsepse.

"Radiyo, werenga."

Radiyo anayendetsa chala. "Akuti... chimatalika kuposa maminibasi awiri a shapa olumikiza. Akuti chimadya nsomba, nkhono, ndi chilichonse chimene chakwana m'kamwa mwake." Analekera pomwepo. Mzere wotsatira unkanena kuti zilombozi zinatha zonse kalekale, koma Radiyo ndi mizere yotsatira sanayambe wagwirizanapo.

"Kamunthu aka ndine," anatero Bwampini ndi mawu a maliro. "Taonani kamimba."

"Masiku apitawa linali dzira," anatero Radiyo. "Lero chafika ngati mkono wanga. Ikamafika Khirisimasi..."

Injinyeru anavula chisoti. Kwa nthawi yoyamba anaoneka ngati munthu amene akuganizadi, ndipo zotsatira zake zinali zoopsa kuposa kale.

"Anyamata, ndaimvetsa nkhani yonse. Si diyamondi. Mayi uja ndi wokhwima. Izi ndi ziweto zake, zimene zimamubweretsera chuma. N'chifukwa chake sakhoma chitseko cha kuseri. Munthu woweta zoterezi loko ngwachiyani? Ndipo mabukuwa ndi malangizo a kawetedwe kake."

"N'chifukwa chake thupi langa likuyabwa chichokere ku Cuamba!" anatero Bwampini, atayiwala chitedze.

"Ine m'mimba mwanga mukulira ngati mota," anatero Radiyo, atayiwala mango osapsa amene anadya dzulo lake ndi mchere.

"Tikazitaye kumtsinje," anatero Bwampini.

Injinyeru anapukusa mutu. "Mtsinje waphwa, chitsiru iwe. Ndipo ukadakhala ndi madzi, ukufuna zikakulire momwemo, zitsike mpaka ku nyanja ya Amaramba, zikamalize asodzi, kenaka zibwerere kudzafuna amene anazichotsa kwa mayi wawo?"

"Tikhuthule madziwo, zife," anateronso Bwampini.

"Ukapendeketse ndiwe mgolowo. Ine ndiziyang'ana ndili mumtengo," anatero Radiyo.

Nkhuku yotsala inadutsa, inawayang'ana, inapitirira.

"Chiweto chimamvera mwini wake," anatero Injinyeru pomaliza. "Tizibweze. Tikagwade, atikhululukire, atichotse tsoka. Ndipo madzi asatayike panjira, zingakwiye."

Anavundikira lata atatseka maso, analimanga ndi malamba a mphira mpaka mgolo unaoneka ngati wavulala. Mota ya mlamu anaisiya pomwepo. Anaimitsa lole yonyamula chimanga yopita ku Cuamba, anakweza mgolo, Bwampini n'kukhala pamwamba pake kuti zisatuluke. Lole ikagwa m'dzenje, madzi oyera ankatuluka m'mbali n'kumunyowetsa thalauza, iye n'kumalira chamumtima, "Zikundinyambita." Injinyeru ankawaza ufa pa lata n'kumanong'ona, "Pepani, akuluakulu, tatsala pang'ono kufika."

Anapangana kuti asauze munthu. Asanafike n'komwe pa Mandimba, Radiyo anali atafotokozera lole yonse, kuyambira pa baraka mpaka pa kamunthu ka mimba. Okwera anaunjikana kutsogolo ngati mbuzi pa mvula, aliyense foni ili pa khutu. Nkhani inafika ku Cuamba lole isanafike.

Linali Loweruka m'mawa. Loweruka lililonse Dona Valéria ankayala mphasa pakhonde la loja n'kumawerengera ana buku, makolo atakhala pa mabenchi. Tsiku limenelo mwa makolowo munali Sajeni Osvaldo wa ku polisi, atavala kabudula ndi masilipasi, mwana wake wamkazi ali pamiyendo. Mlandu wa kubedwa kwa lojayo unali m'manja mwake, ndipo kunena zoona unali usanasunthe ngakhale pang'ono. Che Nuru anali atamuuza za anthu a mapaipi, iye n'kumafunafuna anthu a mapaipi.

Dona Valéria anali pakati pa tsamba pamene anamva phokoso. Mumsewu munkabwera ngolo yokankha ndi manja, pamwamba pake mgolo womangidwamangidwa, amuna atatu akukankha, kumbuyo kwawo khamu la anthu a pamsika, a njinga, ogulitsa mtedza, onse akutsatira koma motalikira.

Ngolo inaima. Amuna atatu anagwada pa fumbi. Injinyeru anaika chisoti pansi ngati mbale ya chopereka.

"Mayi, Dona, patarawu, bwana wathu. Tabweza ana anu."

Dona Valéria anatseka buku pang'onopang'ono. Anayang'ana mgolo, anayang'ana madzi oyera akudontha, anayang'ana buku lake likusuzumira m'malaya a Bwampini. Anali mkazi wofulumira kumva. Milomo yake inagwedera kamodzi, kenaka nkhope inauma ngati ya mphunzitsi wamkulu.

"Ana anga. Munawatenga ndinu?"

"Ndife, mayi. Koma sitinawazunze. Tawapatsa ndi ufa womwe."

"Akuluwa sakonda nkhani yodukiza," anatero Dona Valéria, akugogoda mgolo ndi chala. Amuna atatu anadzidzimuka limodzi. "Akufuna amve zonse. Mokweza. Nzeru inali ya ndani?"

"Ya uyu!" anatero Radiyo ndi Bwampini, zala zikuloza Injinyeru.

"Koma anaona windo ndi Radiyo!"

"Anathyola chimbudzi cha che Nuru ndi Bwampini!"

"Anandilozera ndi bwana Inji, ndi tepi yomwe!"

"Ndi amenewo!" anakuwa che Nuru ali pakhomo pake, sizasi ili m'manja. "Mapaipi anga ali kuti?"

Anaulula zonse, akulimbirana ngati pali mphotho: khomo limene analowera, matumba, msewu, tchire limene analambalalira apolisi. Radiyo anawonjezapo ndi mbuzi ina ya ku Etatara imene palibe anamufunsa. Sajeni Osvaldo anatsitsa mwana pamiyendo, n'kumangomvetsera, nkhope ikuwala ngati munthu amene nsomba zalumphira zokha m'bwato mwake.

"Tsopano, mayi," anamaliza Injinyeru, "tichotseni tsoka. Mnzathuyu ukwati ukutha. Uyu m'mimba. Ine sindikugona."

Dona Valéria anabwereka sizasi ya che Nuru, anadula malamba, anakankha lata. Khamu linabwerera m'mbuyo. Anapinda mkono wa bulauzi, anapisa dzanja m'madzi oyerawo, n'kutulutsa chilombo chachikulu chija atachigwira pakhosi. Bwampini anafuula dzina la mayi ake. Dona Valéria anachikweza m'mwamba kuti onse aone, n'kuchifinya ngati chinkhupule. Madzi anachucha, n'kudzaza chisoti cha Injinyeru.

"Ana inu," anatero, akutembenukira pa mphasa, "mukukumbuka ndinakuuzani kuti ndaitanitsa mazira amene ukawaika m'madzi mumatuluka chilombo cha m'nyanja yakale? Ndi awa. Ndi mphira chabe. Abambo awa atithandiza kuwaviika."

Ana anaimirira onse n'kuthamangira pa mgolo. Posakhalitsa aliyense anali ndi chake, akumenyana nazo kumutu, mwana wa sajeni atavala cha miyendo yambiri chija ngati duku. Kuseka kunayambira pakhonde, kunafika pa ogulitsa mtedza, kunawoloka msewu. Mayi wina anakhala pansi pa fumbi, misozi ikutsika, akumenya nthaka ndi chikhatho. Bambo wina wa pa njanji anali kufunsa kale ngati mazirawo abweranso ena.

Amuna atatu anali chigwadire.

"Ine ndinakayika kuyambira pachiyambi," anatero Injinyeru motsitsa.

Sajeni Osvaldo anaimirira, n'kudzitchula dzina ndi udindo. Unyolo analibe, poti anabwera kudzamvera nthano. Anangotolera zilombo m'manja mwa ana, ana akulira, anazibwezera mu mgolo monga umboni, n'kuuza akubawo kuti njira ya ku polisi akuidziwa. Anakankha okha ngolo yawo kudutsa pakati pa msika, sajeni akubwera pambuyo ndi masilipasi ake, akudya mtedza.

Mlandu unachedwa kulowa m'khoti, monga ichitira milandu. Anastaziya anabwera kamodzi kokha kudzaona mwamuna wake, osati ndi chakudya, koma kudzafunsa kuti mgolo wake aubweza liti. Apolisi anali atakhuthula madzi chifukwa cha udzudzu, n'kuyanika umboniwo pa shelefu. Zoseweretsa zamtunduwu zikauma zimanyala, n'kubwerera msinkhu wake wakale.

Choncho tsiku la mlandu, woweruza atapempha kuti aone zilombo zimene zinagwaditsa amuna atatu pakati pa tauni, wapolisi anabweretsa kabokosi ka machesi. Woweruza anakatsegula, anakhuthulira pa chikhatho. Panagwa kanthu kobiriwira, kokwinyika, kochepa ngati chala chakumapeto cha mwana.

Anakweza magalasi, anakayang'ana, anayang'ana Bwampini, thupi lonse lija.

"Ndi ichi?"

Khoti lonse linaphulika ndi kuseka. Woweruza anagogoda tebulo, iyenso mapewa akugwedera, n'kukaika kachilomboko pambali, pafupi ndi kapu yake ya madzi akumwa.

Injinyeru anadzuka pa benchi ya oimbidwa mlandu, nkhope itatuwa, dzanja lili m'mwamba.

"Olemekezeka, ndi ulemu wonse. Tilamuleni zaka zimene mukufuna. Koma kapuyo muisunthe."